Maminitsi Amene Ndinalemba Kuseri kwa Mafomu a Msonkho

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva mpaka kutopa nazo, sindizibwereza muno. Chimene ndikufuna musunge ndi nkhani ya ntchito yanga ku bungwe lokonza mijigo la Mjigo Usagone, makamaka chaka chija ndinatsala pang'ono kumwetsa mudzi wathunthu madzi a mumtsinje dzinja lonse chifukwa cha mapepala. Ndikaikumbuka mtima umathamangabe, koma umathamanga ndi chimwemwe.

Chaka choyamba, ku Matandani m'boma la Neno

Ndinalowa ntchito ya ulembi ndili ndi satifiketi ya taipi m'manja ndi iwe Chifundo kumsana. Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale, ndipo mwini golosaleyo ankasungamonso matumba ake a chimanga, moti alendo onse ankakhala pathumba. Bungwe lathu linali la anthu khumi ndi awiri. Mjigo ukafa m'mudzi, anthu ankatumiza uthenga, amisiri athu n'kukwera njinga kukakonza popanda malipiro. Wolandira kangachepe pamwezi ndinali ine ndekha. Wapampando anali a Malizani, bambo amtima wabwino ndi mawu aakulu, amene ankati akangoima kulankhula ngakhale nkhuku zinkasiya kupalasa. Vuto lawo linali limodzi: kufunsa ankakuona ngati kugonja. Mkulu wa amisiri anali a Tebulo, munthu wosowa pakamwa. Iwo ankangoika khutu pamjigo, wina akupopa, n'kunena kuti, "Labala ya m'kati yatha," basi tsiku lonse mawu awo athera pomwepo.

Ntchitoyo ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba. Palibe chinthu chokoma ngati kulemba m'buku kuti mjigo wakuti wadzuka. Koma kusowa kunalipo, ndipo chimene chinkandisautsa ine chinali mapepala. Envulopu ikabwera ndinkaimatula bwinobwino n'kuitembenuza kuti igwirenso ntchito. Kaboni wa pataipi ndinkamugwiritsa ntchito mpaka ukamuyang'anitsa padzuwa uziona mitengo kutsidya. Ndikapempha mapepala, a Malizani ankati, "A Mlembi, pepala silitulutsa madzi. Ndalama ilipoyi tigule girizi." Ndipo sankanama.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Epulo

Tinalembetsa bungwe kuboma, tinalandira nambala ya msonkho, ndipo tinalemba kalata yopempha kuti, poti sitichita malonda, atichotsere msonkho pa thandizo limene timalandira. Tinadikira miyezi, mpaka tsiku lina yankho linafika. A Malizani anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, nati ndiwerenge kalatayo n'kumasulira m'Chichewa. Inali ya masamba awiri. Ndinawerenga tsamba loyamba, ndipo nditangomasulira mzere wonena kuti pempho lathu lavomerezedwa, nthungululu zinaphulika. Amayi anayambitsa nyimbo, amisiri n'kumagogoda masipanala, ine ndemwe ndinaponya nsapato uko n'kulowa m'bwalo. A Malizani anandilanda kalata ija n'kuikweza m'mwamba.

"Takhululukidwa!" anakuwa motero. "Kuyambira lero ife ndi a msonkho tasiyana njira. Iyi ndi ya mugalasi, isagwidwenso ndi manja a girizi!"

Mawa lake anapita nayo kwa kalipentala ku boma, amene anaiika m'felemu yagalasi, tsamba lachiwiri kuseri kwa loyamba, n'kukhomera misomali. Inapachikidwa pakhoma pamwamba pa desiki yanga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkaipukuta fumbi Lolemba lililonse, osaganizako kuti kodi tsamba lina lija linkati chiyani.

Chaka chilichonse kuyambira pamenepo kunkabwera envulopu yaikulu yochokera ku ofesi ya msonkho, m'kati muli mafomu oti tilembemo zimene talandira ndi mmene tazigwiritsira ntchito. Yoyamba itafika ndinaonetsa a Malizani. Iwo analoza pakhoma ndi ndodo yawo.

"Awo ndi a anthu amagolosale, atitumizira mongosakaniza. Ife kalata yathu ndi iyo. Kodi wokhululukidwa amapitanso kubwalo?"

Ndinavomera msangamsanga, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinavomera chifukwa ndinali nditaona kale kuseri kwa mafomuwo. Kunali koyera mbee, pepala lolimba, losadutsa inki. Mlembi wosowa mapepala ngati ine akanachita chiyani? Ndinayamba kulembapo maminitsi a msonkhano waukulu wapachaka, pamodzi ndi zonse zimene tinalandira ndi kugula. Masamba otsala ndinkawapatsa a Tebulo. Akakonza mjigo, ankalemba dzina la mudzi ndi chimene asintha, ndipo amayi a komiti ya mjigowo ankadinda zala zawo pansi pake kuchitira umboni. Envulopu ija ndinkaidikira ngati mphatso ya Khirisimasi, ikachedwa ndinkachita kudandaula.

Chaka chachisanu ndi chitatu, mwezi wa Okutobala

Mpingo wina wakunja, umene namwino wake anayendapo ndi amisiri athu, unatitumizira zipangizo: mapaipi, ndodo zachitsulo za m'kati mwa mjigo ndi malabala, zokwanira mijigo yambiri. Uthenga woti katundu wafika ku Blantyre unandipeza pafoni, ndipo ndinathamanga osavala nsapato kukauza a Tebulo, amene tsiku limenelo anamwetulira mpaka mano kuoneka. Chimwemwe chathu chinali ndi chifukwa. Kwa Gwaza, mudzi wa kuseri kwa Magaleta, mjigo unali utafa kuyambira nyengo yozizira. Mapaipi ake onse anali atadyeka, moti panalibe chokonza koma kusintha zonse. Amayi ankatsikira kumtsinje kumene kunkamweranso ng'ombe. A zaumoyo a ku Magaleta anali atatichenjeza kuti mvula yoyamba ikangokokolera zonyansa mumtsinjemo, matenda otsegula m'mimba ayamba ndi ana. Ndiponso tonse tinkadziwa kuti mvula ikakhazikika, lole singafike kumeneko mpaka dzinja litatha.

Amene ankatithandiza kuombola katunduyo anati kuti atuluke opanda msonkho pakufunika chikalata chosonyeza kuti nkhani zathu za msonkho zili bwino. Ndinaseka. Ndinatsitsa felemu pakhoma, kuikulunga m'chitenje, n'kuifungata pamiyendo kuchokera ku Neno mpaka ku Blantyre, fumbi lili kobo, ndikuuza aliyense woyandikana nane kuti asandigunde.

Ku ofesi ya msonkho ndinapeza mayi wina pa desiki, a Kachale, wovala mandala, wolankhula mofatsa. Ndinavundukula felemu yanga monyadira. Iwo analemba nambala yathu pakompyuta, n'kuwerenga zimene zinatuluka.

"Mayi, bungwe lanu silinabwezepo fomu ngakhale imodzi chilembetsereni."

"Eya, n'zoona," ndinayankha mosangalala. "Ife tinakhululukidwa."

"Munachotseredwa kulipira, osati kunena. Chaka chilichonse mumayenera kutiuza zimene mwalandira, mmene mwazigwiritsira ntchito, ndi malipiro a antchito anu, ngakhale akhale ochepa osafika podulidwa msonkho. Apo ayi ife tidziwa bwanji kuti simunasanduke sitolo? Kalatayi ili ndi tsamba lachiwiri. Lili kuti?"

Tinazula misomali ndi supuni ya tiyi. Tsamba lija linatuluka loyera ngati lalembedwa dzulo, ndipo zonse zimene a Kachale ananena zinali pomwepo, mizere inayi yokha. Iwo anandiuza mosabisa kuti ndibwere ndi umboni wa ntchito yathu wa zaka zonsezo. Umboniwo ukapanda kukhutiritsa akuluakulu, mwayi wosalipira msonkho ukhoza kuchotsedwa, ndipo katundu uja tidzayenera kumulipirira msonkho wonse. Ndalama zoterozo bungwe lathu linali lisanazionepo ndi maso.

Nditafika kunyumba bambo anu anamvetsera nkhani yonse, kenaka anangoti, "Safunsa anadya phula." Ndinawayang'ana diso loti sanabwerezenso.

Sabata yomweyo, msonkhano wa komiti

Ndinafotokoza zonse, n'kuika patebulo mulu wa mapepala athu. Umboni unalipo wokwanira, mjigo uliwonse ndi zala zake. Koma aliyense wotembenuza pepala akanaona kuti mafomu ankatifika chaka ndi chaka, ife n'kumawasandutsa kope. A Malizani anayenda uku ndi uku m'kachipinda kaja, akupunthwa pamatumba a chimanga, kenaka anaima.

"Njira ilipo. Tigule buku latsopano lachikuto cholimba. A Mlembi mukopere zonsezi mmenemo, dzanja lanu ndi lokongola. Akafunsa za mafomu, tinene kuti sankafika. Ndani sadziwa mmene makalata amavutira kukwera mapiri ano? Atimvera chisoni, basi nkhani yatha."

"Nanga zala za amayiwa?" ndinafunsa.

"Tilipo angati muno? Aliyense ali ndi zala khumi."

Ena anaseka, ndipo ndivomere kuti nanenso mtima unakopeka. Njirayo inkaoneka yachidule, ndipo inkandibisira manyazi ine ndemwe, poti dzanja lolemba kuseri kwa mafomuwo linali langa. Ndinayamba kusanthula mapepala aja ndikuganiza kuti kukopera kunditengera masiku angati. Ndiye ndinafika patsamba la mjigo wa ku Luwani. Pansi pake panali chala cha mayi Nasimango, amene anatsogolera komiti ya kumeneko zaka zambiri, ndipo tinali titawaika m'manda chaka chapitacho. Chala chawo chinali ndi chipsera cha mpeni, ndipo chipseracho chinkaoneka mu inki. Ndinabwezera pepalalo pamulu.

"A Tcheya, pepani, ine sindikopera. Amayiwa anadinda kuti anaona madzi akutuluka. Ena mwa iwo kulibe. Ine ndiike chala changa pa dzina la malemu? Tinalakwa posadziwa, ndiye tiwonjezerepo kulakwa kodziwa?"

"Inu mukufuna kutipereka nokha m'manja mwawo eti? Mukawapatsa mapepalawa ndiye kuti mwawapatsa chikwapu chotikwapulira!"

"Mlandu suwola, a Tcheya. Bodza limeneli likadzaululika, sitidzataya katundu yekha, tidzataya bungwe."

Mawu anakwera mpaka mwini golosale anasuzumira pawindo. Msungichuma anali mbali ya a Malizani, amayi awiri anali mbali yanga, ena ankangoyang'ana pansi. Pamenepo a Tebulo, amene sankalankhula pamisonkhano, anakhosomola.

"Mapepalawo ali ndi girizi wa m'manja mwanga," anatero. "Buku latsopano likhala loyera. Mmisiri wanji wokonza mijigo zaka zonsezi osadetsa pepala?"

Tinavota, ndipo mbali yanga inapambana ndi dzanja limodzi. A Malizani anatenga chipewa chawo, n'kuima pakhomo. Mawu awo aakulu aja anali atatsika, zimene zinandiopsa kuposa kukuwa.

"Chabwino, pitani nawo. Koma katundu uja akatayika, kwa Gwaza mukapita ndinu, osati ine. Mukawauze nokha amayi aja kuti ana awo amwa madzi a ng'ombe chifukwa a Mlembi ndi olungama."

Anatuluka, ndipo kwa masiku ambiri moni wanga ankangouyankha ndi mutu.

Mwezi wa Novembala, ku Blantyre

Ndinaika mulu uja pa desiki ya a Kachale, mbali ya maminitsi ili pamwamba. Anawerenga pang'onopang'ono, akutsatira ndi chala, akufunsa kuti mudzi uwu uli kuti, labala imatha pakapita nthawi yotani. Nkhope yawo inkamasuka, ine mtima uli m'mwamba. Kenaka ananyowetsa chala kuti atsegule tsamba lina, pepala n'kutembenuka. Anayang'ana. Anatembenuza lachiwiri, lachitatu, mulu wonse. Anavula mandala.

"Mayi, awa si mafomu athu?"

"Ndi anu ndithu. Ankafika chaka chilichonse. Tinkayesa kuti satikhudza, ndipo ine ndinkasowa mapepala. Wolemba ndi ine, musafunefune wina."

Iwo anayang'ananso fomu imodzi mbali zonse ziwiri. Kenaka mapewa a a Kachale anayamba kugwedezeka, n'kuphulika kuseka, kuseka kwenikweni kopukuta misozi, mpaka anaitana mnzawo wa desiki ina kuti adzaone. Ine sindinadziwe kuti ndiseke nawo kapena ndilire, ndiye ndinachita zonse ziwiri.

"Pepani mayi, sindikukusekani inu," anatero atapuma. "Anthu amabwera muno ndi mabuku onunkhira sitolo, zaka zisanu zolembedwa ndi cholembera chimodzi. Amenewo timawatumizira woyendera, ndipo kwanuko akanafika mvula itatha. Koma izi, fomu iliyonse ili ndi chaka chake chosindikizidwa kutsogolo, zochitika za chaka chomwecho zili kuseri. Izi munthu sangazipeke. Tengani cholembera, mutembenuze, mulembe mbali imene mumayenera kulemba."

Ndinakhala masiku atatu kwa azakhali anu ku Ndirande, m'mawa uliwonse n'kumapita ku ofesi ija. Ndinkawerenga kuseri, kutembenuza, kulemba kutsogolo, a Kachale akundionetsa bokosi lililonse. Ndinadabwa kuona kuti chinthu chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa chinali chosavuta kuposa kalata ya ukwati. Anandilangizanso kulemba kalata yopepesa ndi kufotokoza mmene zinakhalira, poti chindapusa cha kuchedwa chinalipo ndipo woganiza za icho anali akuluakulu awo, osati iwo. Panatsala chinthu chimodzi: fomu iliyonse inkafuna siginecha ya wapampando.

Ndinaimba foni mwamantha. A Malizani anangoti, "Ndamva." Mawa lake masana anatulukira atavala suti yawo yamaukwati, fumbi la msewu lili m'nsidze. Anasaina imodzimodzi. Atamaliza anayang'ana a Kachale.

"Mayi, wolakwa ndi ine. Mayiyu anandionetsa envulopu yoyamba, ine n'kuloza pakhoma. Ngati pali womangidwa, ndabwera ndi bulangete."

Analidi nalo m'chikwama! A Kachale anawatsimikizira kuti bulangetelo libwerera nawo ku Neno.

Kenaka kunali kudikira, ndipo m'moyo wanga sindinayang'anepo kumwamba ngati masabata awiri amenewo. Masana aliwonse mitambo inkasonkhana kumapiri a kumalire, kuda, kugunda, n'kubalalika. Anthu onse ankapempherera mvula poti minda inali yokonzeka, ine ndekha mu Neno monse ndinkapempha kuti idikire pang'ono, ndipo ndinkachita manyazi kupemphera mokweza. Foni ikalira ndinkadumpha. Lachiwiri la sabata yachitatu inalira ndili kuchigayo. Anali a Kachale. Chindapusa anachichepetsa kufika poti mamembala atasonkha mbatata ya kachewere n'kugulitsa chikanakwanira, mwayi wathu wosalipira msonkho unatsala, ndipo chikalata chinali chitasainidwa. Ndinasiya ufa wanga pachigayo pomwepo. Mpaka lero sindidziwa amene anadya.

Kumapeto kwa Novembala, kwa Gwaza

A Malizani anafuna kupita okha kukalengeza, koma ndinawakumbutsa kuti anati kwa Gwaza ndikapita ndine. Anaseka koyamba m'mwezi wathunthu, n'kundipatsa njinga yawo. Ndinapeza amayi akukwera kuchokera kumtsinje ndi zidebe za madzi ofiira. Ndinayamba kufotokoza mwaphuma za mafomu, za tsamba lachiwiri, za chikalata. Mayi Nabanda, amene ankatsogolera komiti ya mjigo wakufawo, anatula chidebe chawo n'kundidula.

"A Mlembi, zonsezo n'zabwino. Madzi liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi lake liti? Mwana wa mlamu wanga wayamba kale kutsegula."

"Ili likubwerali, mayi. Mapaipi ali m'njira."

Lole inafika Lachitatu, koma inakanika kuwoloka chigwembe cha kumunsi kwa mudzi. Dalaivala anayang'ana mitambo nati sagona kuno, atsitsa pomwepo. Sitinapemphe munthu. Amayi anatsika okha ndi nkhata zawo, awiriawiri paipi imodzi pamutu, abambo ndodo zachitsulo pamapewa, mzere wautali ukukwera chitunda ndi nyimbo. A Malizani ankathamanga kutsogolo ndi kumbuyo akulamula anthu amene sankafuna kulamulidwa. Ine ndinasenza katoni ya malabala, ndikuimba mokweza kuposa onse ngakhale mukudziwa mmene mawu anga alili.

Lachinayi amisiri anayamba dzuwa lisanatenthe. Anazula mapaipi akale, odyeka ngati nzimbe yofumbwa, n'kuyamba kutsitsa atsopano imodzimodzi. Pofika masana kumwamba kunali kutada bii, mphepo ikuulutsa zitenje. A Tebulo anamanga bawuti yomaliza, anapukuta manja, n'kundiyang'ana.

"A Mlembi, gwirani."

Ndinagwira chogwirira cha mjigo ndi manja onse awiri. Ndinapopa kakhumi, palibe. Kamakumi awiri, palibe, mjigo ukungolira wouma. A Tebulo anaika khutu pachitsulo, n'kukweza chala chimodzi kuti ndisasiye. Chogwirira chinayamba kulemera. Mjigo unakhosomola, unalavula dzimbiri, kenaka madzi anakhuthuka oyera, ambiri, akuthovoka pasimenti. Phokoso limene linabuka sindingathe kulilemba. Mayi Nabanda anandikumbatira ndikupopabe, tonse tinanyowa, ndipo a Malizani anaponya chipewa chawo m'mwamba mphepo n'kupita nacho.

Madontho oyamba a mvula anagwa zidebe zisanu ndi chimodzi zitadzaza. Inagwa usana wonse wotsalawo, ndipo pobwerera tinaima pamwamba pa chitunda kuyang'ana mtsinje uja utasefukira, wofiira, ukukokolola ndowe ndi zinyalala za chilimwe chonse. Panjira yotsikira kumeneko panalibe mayi ngakhale mmodzi. Onse anali pamzere kumjigo, mvula ikuwamenya, palibe wofuna kuchoka.

Ndinagwira ntchito pabungwelo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo mafomu sanachedwenso ngakhale pamene anayamba kulembedwa pakompyuta. Mwana wa mlamu wa mayi Nabanda uja anachira, ndipo dzinja limenelo kwa Gwaza sitinapiteko kumaliro a mwana.